ZA MANJA ATHU: Kabangili kakapotoka, osatukwana kotoni

Pa Sondo yapita ninabwela kuchoka ku chechi na njala yanga, maganizo onse ali pa nsima na kapenta. Kufika pa nyumba, napeza mwana wa ba sisi ali pa sitepu, nkhope monga munthu wasiya foni mu minibasi. Pa chitenge chake panali tubangili tusanu twa kotoni, tonse topotoka monga makoko a nyemba amene aumila pa dzuwa.

"Ba anti, banigulisa gong'a," ndiye moni wamene ananipatsa. "Iyi kotoni siili bwino. Nikamanga, ipotoka. Nayesa futi, yapotoka futi. Nalema ine."

Nkhani yake ili so. Mwana uyu anatsiliza Grade 12 chaka chatha, ndipo poyembekeza malo ku koleji anayamba kumanga tubangili twa ubwenzi, tuja twamene pa foni amati friendship bracelet. Mnzake wina amene asebenza mu saluni anavala kamodzi ku nchito. Amayi ena amene anabwela kuzalukitsa tsitsi anakaona, anakakonda, basi anaoda 20 twa gulu lawo la kwaya, twa mitundu ya mbendela yathu, kuti akavale pa 24 October. Hafu ya ndalama anapeleka pamene apo.

Imwe mudziwa mwamene dipoziti imayendela m'manja mwa wachichepele. Ina kotoni, ina ma bundle, ina chips na soseji, yasila. Kubweza sangakwanitse. Kupeleka vopotoka, dzina laonongeka, chifukwa kwaya ni anthu 20 ndipo aliyense ali na pakamwa pophunzitsidwa kumveka patali.

Nsima inayembekeza. Ine vinthu ivi ninaphunzila kale ku boarding, pamene tinali kumangilila nthambo ku chala chachikulu cha kumwendo, so ninamuuza kuti, "Manga apa, nione." Sipanapite na mineti, matenda ninayaona. Kotoni inalibe mlandu olo pang'ono. Vamene ninamuonetsa tsiku lija ndiye nizakuonetsani lelo, chifukwa nidziwa kuti ambili muli na tubangili twanu tobisa mu dilowa.

MFUNDO IMODZI NI ZIWILI

Ili ndiye lamulo lamene ambili amalumpha akamaonela mavidiyo othamanga. Pa kabangili ka ubwenzi, chamene timati mfundo imodzi ni kumanga kawili, na nthambo imodzimodzi, pa nthambo imodzimodzi. Kumanga koyamba kumagwila, kwachiwili kumakhoma. Mukamanga kamodzi chabe na kulumphila pa nthambo ina, mfundo zonse zimapendamila mbali imodzi, ndipo zikachuluka zimazungulutsa kabangili konse. Ndiye vamene anali kuchita mwana wa ba sisi. Ati kumanga kamodzi kufulumizitsa nchito. Zoona anali kuthamanga, koma kuthamangila ku Kafue pamene ulendo ni wa ku Kabwe.

Lamulo lachiwili ni ili: pa mfundo iliyonse pali nthambo ziwili, ndipo iliyonse ili na nchito yake. Ina ni yoyenda. Iyi ndiye imazungulila inzake, ndipo mtundu wake ndiye umaonekela pamwamba. Ina ni yoimilila, nchito yake ni kuimilila chabe monga pholo ya malaiti. Yoimilila muigwile zolimba, yowongoka, moidonsela kwa imwe. Mukailekelela, mfundo imatembenuka: yoimilila ndiye imayamba kuzungulila yoyenda, ndipo pakati pa mzele wa redi mumangoona kadontho ka bulaki kamene simunakaitane.

Ophunzila onse maso amakhala pa dzanja lamene limanga. Koma dzanja lamene ligwila ndiye mwine wa nchito. Mukasunga malamulo awili aya, mavuto ambili simuzakumana nawo.

MFUNDO ZAKE NI ZINAYI CHABE

Mapatani onse aja amene amaoneka monga masamu ya ku UNZA amachokela pa mfundo zinayi.

Yoyamba ni yopita kumanja. Tengani nthambo ziwili. Ya kumanzele ndiye yoyenda. Igonekeni pamwamba pa inzake kuti zipange nambala 4. Pititsani nsonga yake pansi pa yoimilila, itulukile pa kabowo ka 4 uja, mudonsele kumwamba mpaka mfundo ikagunde pa mzele. Bwelezani kachiwili. Manje nthambo yanu yasamukila kumanja, ndipo mfundo yatenga mtundu wake.

Yachiwili ni yopita kumanzele. Apa yoyenda ni ya kumanja. Pangani 4 wotembenuza, monga mwamene angaonekele pa gilasi, pititsani pansi, donsani kumwamba, kawili. Nthambo yasamukila kumanzele.

Yachitatu ni yopita na kubwela. Koyamba mumanga 4 wabwinobwino, kachiwili 4 wotembenuza. Nthambo imasiya mtundu wake pa mfundo, koma imabwelela kumanzele kwamene inachoka. Yachinayi ni mnzake wa iyi: muyamba na 4 wotembenuza, mutsiliza na wabwinobwino, nthambo ibwelela kumanja. Ziwili izi ndiye zimapanga ma zigizagi, madayamondi na tumitima.

Osathamangila tumitima. Ziwili zoyamba muzimange mpaka manja azibe okha, kuti muzikwanitsa kumanga uku mumvela mpila pa wailesi.

V WA MBENDELA

Mwana wa ba sisi anali kumanga patani ija ya mizele yopendama, yamene nthambo ya kumanzele imayenda pa zinzake zonse mpaka kumanja. Ni yosavuta kuphunzila, koma mfundo zake zonse ni zopita kumanja, so olo mumange kawili bwinobwino imakonda kupindikako. Ninamuuza kuti tisinthe, timange ya V, yamene amati chevron. Pa iyi, hafu ya mfundo ipita kumanja, hafu ipita kumanzele, ndipo kabangili kamagona fulati. Chili monga kutapa madzi: chigubu chimodzi chimakupendamika, viwili vimakuwongola. Ndipo nchito siichuluka. Pa nthambo 8, mapatani onse awili ali na mfundo 7 pa mzele.

Kotoni yake ni ija yotungila maluwa pa nsalu, yamene nthambo imodzi ili na tunthambo 6 mkati. Mu mashopu ya vosokela ku Kamwala ipezeka, mu tumitolo twamene kambili tumakhala mamita 8. Wulu ni wochipa koma uli na ubweya, umatambasuka, ndipo kumasula mfundo yake ni chilango. Kotoni ya makina ni yoonda maningi, muzakalamba mukali pa kabangili koyamba.

Tengani gilini, redi, bulaki na olenji. Dulani iliyonse 180 cm. Ngati mulibe tepi ya telala, tambasulani manja onse awili, mupime kuchoka pa chala mpaka pa chala, muonjezeko chikhatho chimodzi. Ikani pamodzi, pindani pakati, mangani mfundo kusiya kalupu kolowa kachala kang'ono. Manje muli na nthambo 8 za pafupifupi 90 cm. Kalupu kaja kakoleni na sefiti pini pa jinzi, pa bondo, olo pa pilo, olo mukamate pa tebulo na selotepi. Chachikulu ni chakuti kasamayende mukadonsa.

Yalani nthambo so: gilini, redi, bulaki, olenji, olenji, bulaki, redi, gilini. Mbali ya kumanja ikhale chithunzi cha ya kumanzele.

Tengani gilini wa kumanzele, mumange mfundo yopita kumanja pa redi, pa bulaki, pa olenji. Imani pakati. Tengani gilini wa kumanja, mumange yopita kumanzele pa redi, pa bulaki, pa olenji. Magilini awili akumana pakati. Amangeni pamodzi na mfundo imodzi, kutanthauza kawili. Mzele wasila. Yang'anani: kunja manje kuli redi uku na uku. Ndiye wotsatila. Pambuyo pa mizele inayi, nthambo zimabwelela mwamene munaziyalila poyamba, ndipo mitundu imalondolana monga pa mbendela: gilini, redi, bulaki, olenji.

Mizele iwili olo itatu yoyamba imaoneka yosokonezeka chifukwa nthambo zikali kuchoka pa chimfundo chimodzi. Osataya mtima, osamasula. Pofika mzele wachinayi V amaonekela.

CHIPATALA CHA TUBANGILI

Apa manje tiyeni tione odwala, mmodzimmodzi.

Kapotoka. Choyamba dzifunseni ngati mumanga kawili pa mfundo iliyonse. Ngati mumanga kawili koma kakali kupindika, ndiye kuti mudonsa na ukali. Mfundo ifunika kukhala pa mzele, osati kukwela pa msana pa inzake. Kabangili kopindika pang'ono kamachila: kanyowetseni na madzi ozizila, kawongoleni na vala, kaikeni pakati pa kansalu, pamwamba muikepo chinthu cholema usiku wonse. Ena amachisa na nsimbi yosapya maningi, kansalu konyowa pamwamba. Ivi ni va kotoni chabe. Nayiloni pa nsimbi imasungunuka. Koma kabangili komangiwa kamodzikamodzi kalibe mankhwala. Olo mukagoneke pansi pa saka ya unga, kakanyowa chabe kazapotoka futi.

Kadontho ka mtundu wolakwika. Iyi ni mfundo yotembenuka ija. Ngati mwaiona pamene apo, mukalibe kukhoma kachiwili, donsani yoimilila zolimba moiwongola, kambili mfundo imabwelela yokha. Ngati mwakhoma kale, masulani.

Tubowo pakati pa mfundo. Simufikitsa mfundo pa mzele. Podonsa, yoyenda ipite kumwamba, chakumbali kwamene iyenda, osati kwa imwe. Mukamanga, kankhilani mfundo na chikhadabo kuti igundane na inzake.

Pena kafupika m'mbali, pena kafutukuka. Uku ni kusintha kadonsedwe. Mwayamba m'mawa muli na mphamvu, mfundo zolimba. Madzulo mwalema, mfundo zofooka. Olo mwayamba mutakwiya na chibwenzi, mwatsiliza mutagwilizana. Kabangili sikabisa. Mukabwelela pa nchito pambuyo popumula, yang'anani mizele yakale, muyese kudonsa chimodzimodzi. Ndiye chifukwa chake kabangili kamodzi sikamangiwa na anthu awili. Aliyense ali na dzanja lake. Onaninso pamene mwakolela: kabangili kakatalika, sendezani pini olo selotepi pafupi na pamene musebenzela, chifukwa kakamalendewela patali mfundo sizilingana.

V wapendama, mwendo umodzi wautali. Pafupifupi munthu aliyense ali na mbali yamene amadonsa maningi, kambili ija yopita kumanja chifukwa ndiye anayamba kuphunzila. Mankhwala ni kutenga nthambo zotsala na kumanga mzele pambuyo pa mzele wa mbali yofooka chabe, mpaka dzanja lizolowele. Penanso vuto ni kuiwala mfundo ya pakati. Mukaiwala, kabangili kamang'ambika pakati monga buluku, kabowo kali gwa. Mfundo ya pakati muzimanga yopita mbali imodzimodzi mizele yonse, kuti msana wa V uwongoke.

Nthambo zasokonezeka, simudziwa yotsatila. Ichi chimachitika mukaimila pakati pa mzele chifukwa ba mayo akutumani ku kantemba. Lamulo langa ni lakuti tsilizani mzele mukalibe kunyamuka. Ngati simungathe, kolani pegi pa nthambo yamene munali kuyendetsa. Mukasokonezeka, musaganizile. Yalani nthambo zonse, muone pamene iliyonse itulukila pansi pa mfundo yake. Pa V, mbali ziwili zifunika kulingana: ngati kumanzele kunja kuli bulaki, kumanja kunja kukhalenso bulaki. Zikasiyana, pali mfundo yamene mwalumpha.

Nthambo yafupika kabangili kakalibe kusila. Yoyenda ndiye imadya kotoni, yoimilila siidya kwenikweni. Pa V zonse zimadya mofanana, koma pa patani yamene mtundu umodzi uonekela maningi, mtundu uyo muudule wautali kupambana inzake. Ngati yafupika kale, osayembekeza kuti itsale kachidutswa kosagwilika. Ikatsala monga 10 cm, dulani ina ya mtundu umodzimodzi. Yembekezani nthawi yamene yaifupi ili yoimilila, chapakati osati m'mbali. Gonekani yatsopano pamodzi na yakale, nsonga yake itulukile kumbuyo, muzigwile monga nthambo imodzi, mumange pa zonse ziwili. Chitani so pa mizele iwili olo itatu, ndiye mugwetsele yakale kumbuyo na kupitiliza na yatsopano. Tumichila twa kumbuyo muzadula pothela, na kudonthezapo kaguluu olo Cutex yosakhala na mtundu. Pamalo apo pamanenepako pang'ono, koma wovala sazaona.

Nthambo zapombana kunsi. Nthambo za 90 cm zikakhala 8 zimakonda ndeo. Mukatsiliza mzele uliwonse, pititsani vala pakati pake monga chisakulo, kuchoka kumwamba mpaka kunsi. Ngati patani ifuna nthambo zitalizitali, pombani iliyonse pa kapepala kolimba ka bokosi olo pa pegi, muzimasulako pang'onopang'ono.

Mtundu wasuluka. Apa ndiye pamene kotoni ingakhale na mlandu zoona. Redi na bulaki zina zimatulutsa mtundu zikanyowa, ndipo munthu wa kwaya wavala bulauzi yoyela, thukuta la October, mudziwa vamene vingachitike. Yesani mukalibe kumanga: dulani kachidutswa, kanyowetseni, kafinyileni pa kansalu koyela. Kakasiya mtundu, tsukuluzani kamtolo konse mu madzi ozizila mpaka madzi ayele, muyanike pa mthunzi. Kotoni iume bwino ndiye muyambe.

KUMASULA SI MANYAZI

Sefiti pini ili na nchito ziwili: kukola kabangili na kumasula volakwa. Khalani na yachiwili pafupi, olo nyeleti yosathwa. Lowetsani nsonga pansi pa kamkombelo ka mfundo yothela, nyamulani pang'ono mpaka kabowo katseguke, ndiye musolole nthambo yoyenda. Kumbukilani kuti mfundo ni ziwili, so kumasula nakonso ni kawili. Muzibwelela m'mbuyo mwamene munabwelela, yothela kumanga ndiye yoyamba kumasula. Osalasa pakati pa nthambo, chifukwa tunthambo 6 tuja tukapatukana kotoni imachita ubweya. Osadonsa na mphamvu, mfundo imalimbilako. Leza na mano visiyeni kutali.

Chamene chimapweteka ni ichi. Cholakwa mukachiona pa mzele wamene mulipo, mumasula mfundo imodzi olo ziwili. Mukachiona papita mizele itatu, ni mfundo 21, kutanthauza kumasula ka 42. So mukatsiliza mzele uliwonse, imani, yang'anani, pendani mfundo: zikwane 7, zonse mtundu umodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono ni kudekha. Sekondi zisanu izo ndiye zimapulumutsa ola lathunthu.

Ndipo osamanga pa kandulo. Malaiti akayenda, gilini na bulaki vimaoneka chimodzimodzi, muzauka m'mawa kupeza mbendela ya dziko lina. Nchito iyi ni ya masana, pa khonde.

KUTSILIZA BWINO

Kasitoma amayamba kuyang'ana kothela. Mukapita ku Kabwata Cultural Village, tengani nthawi muone mwamene amisili amatsilizila vinthu vao. Apo ndiye pamasiyana wophunzila na katswili.

Pimani mkono na kanthambo, pamene pakhala nkoloko. Mbali ya mfundo ikhale yofupikilako pang'ono kupambana mkono, chifukwa kalupu na tumichila navo vitenga malo. Kwa akulu ambili 14 cm olo 15 cm imakwana. Mukafika apo, gawani nthambo pawili, zinayi uku zinayi uku, mulukeko tumichila tuwili twa 7 cm olo 8 cm, mumange mfundo kothela, mudule na sizasi. Povala, kamchila kamodzi kalowa mu kalupu, ndiye mumanga na kanzake. Pakati pa kabangili na mkono pazilowa chala chimodzi. Kotoni ikanyowa imagwila, ndipo pa mwana wamng'ono ichi muchisamale maningi.

Kwa imwe amene musebenza pa chigayo, pa gilainda, mu khichini olo mu kiliniki, kabangili kosavula si kanu. Makina amakola kamchila, ndipo kotoni yonyowa imasunga dothi. Pemphani ka batani: m'malo mwa tumichila, wopanga asokelele batani yamene ilowa mu kalupu, muzivula poyamba nchito. Ngati nthambo ni ya nayiloni, kothela amaocha na machisa kuti isasosoke, koma nayiloni yosungunuka imamatila pa khungu, so osaigwila ikali yakupya, ndipo osayandikiza mkono pa mbaula. Kotoni siisungunuka, imangopya. Iyo ni mfundo na kaguluu basi.

MASAMU YAMENE ANAIWALA

Pamene kabangili koyamba ka V kanagona fulati pa tebulo, mwana wa ba sisi anayamba kuvina. Ninamuuza kuti, "Nkala pansi, tenga bolopeni."

Kabangili kamodzi, na kadonsedwe kake, kanatenga mizele pafupifupi 50. Mizele 50 kuchulukitsa na mfundo 7 ni mfundo 350. Iliyonse kawili, ni kudonsa ka 700. Pa nkoloko, kanamutengela maola awili na hafu. Tubangili 20 ni maola 50. Masiku anatsala ni masabata atatu, kutanthauza kamodzi pa tsiku, kulibe holide. Kotoni nayo: kamtolo ka mamita 8 kamatulutsa nthambo zinayi za 180 cm, so mtundu uliwonse ufuna tumitolo tusanu, pamodzi 20.

Anayang'ana pepala, anayang'ana ine. "Ba anti, nanga mtengo wamene ninabauza?"

Mtengo anachula monga agulitsa maswiti. Apo palibe chochita, pangano ni pangano, ndipo iyi ndiye sukulu fizi yake. Koma imwe amene mukalibe kulandila oda, mangani kamodzi muli na nkoloko pafupi, mupende kotoni na maola anu, ndiye mutsegule pakamwa. Ndipo dipoziti ni ya kotoni, si ya soseji.

Anafuna kuti tusanu topotoka tuja atuchise na kutubisa pakati pa tunzake. Ninakana. Kasitoma si chipuba. Kazagona fulati pa tsiku lopeleka, pa 24 kanyowa na thukuta, kapotoka pa mkono wa amayi oimba soprano, ndipo oda yachiwili simuzaiona. Tuja tinatupanga tomangila makiyi. Kuli patani ina yamene imapotoka dala, monga masitepu ozungulila, yamene nthambo imodzi imamanga kamodzikamodzi pa zinzake zonse pamodzi. Iyo ni yabwino ngati ndiye yamene munthu waoda. Koma cholakwa osachipatsa dzina la sitayilo.

Chovuta kupambana vonse chinali foni. Anafunika kuuza amayi aja kuti patani yasintha. Anazungulila nyumba kawili, foni m'manja. Pothela anatuma chithunzi pa WhatsApp na mau achidule: voyamba sivinachoke bwino, ichi ndiye nikwanitsa kupanga chosapotoka, ngati simuchikonda niuzeni lelo. Yankho inabwela tikali kudya nsima yozizila ija. Ati V ndiye yaoneka bwino kupambana.

Pamene nilemba ivi ali pa kabangili ka nambala 6, ndipo sefiti pini yomasulila yayamba kugona pa tebulo osasebenza. Koyamba kaja sikanalowe mu oda. Anakapeleka ku saluni, kwa mnzake amene anamubweletsela kasitoma. Mwambo wa tubangili utu ni wakuti wopanga ndiye amamanga pa mkono wa mnzake, wovala amaganizila chinthu chamene afunisitsa, ndipo savula mpaka kazaduke kokha. Va kufunisitsa ivo kaya, aliyense na chikhulupililo chake. Chamene niona ine ni chakuti na dzanja limodzi sungamange mfundo pa mkono wako, ufunika wina akugwilile.

Sabata ya mawa tizaona mwamene mungalembele dzina pa kabangili, chifukwa ambili mwakhala mufunsa. Konzekelani pepala ya masamu ija ya tumabokosi.

Kotoni yoonjezela ninamugulila ine. Ninamuuza kuti ni nkhongole, osati mphatso. Anayankha ati, "Ba anti, nizakumangilani kamodzi." Mwamvela mwamene nkhongole zimafela pa Zed.